Burashi youma ndiyo imatulutsa stensulo yokongola

Ongoyamba kumene kupenta ndi stensulo (pepala lobooledwa chithunzi, lomwe penti amadutsa m'zibowo zake) ambiri amagwa pa chinthu chimodzi: kuchulutsa penti pa burashi. Penti akachuluka amalowerera pansi pa m'mphepete mwa chibowo, ndipo tsamba lomwe limayenera kutuluka lakuthwa bwino limangooneka chiphalaphala.

Luso limeneli linafala ku New England, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, pamene mapepala omata pakhoma anali odula. Amisiri oyendayenda, monga Moses Eaton Jr. wa ku New Hampshire, ankapenta zinanazi, mitima, mabelu ndi masamba a mtengo wa oak pa pulasitala penipeni. Mitundu yawo inali yochepa: wofiira, wobiriwira, wachikasu ngati dothi, ndi wakuda. Yambani ndi iwiri basi.

Jambulani chithunzi pa pepala la pulasitiki la Mylar, liikeni pa galasi, mudule ndi kampeni kakuthwa. Pa malo opindika muzitembenuza pepalalo, osati dzanja. Pakati pa zibowo siyani timilatho, timizere tosadula, ta mamilimita osachepera 3 m'lifupi. Tikachepa timaduka mukamatsuka. Mtundu uliwonse ukhale ndi stensulo yakeyake, ndipo stensulo iliyonse ikhale ndi zizindikiro pamalo amodzi kuti maluwa akakhale pa tsinde lake.

Matani stensulo ndi tepi. Ingokhudzitsani nsonga ya burashi pa penti wa akiriliki, kenaka pukutani pa pepala mpaka ioneke ngati mulibe kanthu. Pamenepo mpamene yakonzeka, ngakhale mtima ukane. Gwirani burashi chilili, muzidinda pang'onopang'ono kuchokera m'mphepete kulowa pakati. Kubwereza katatu mopepuka kuli bwino kuposa kamodzi mokhathamira. Pochotsa, nyamulani stensulo molunjika, musaikoke cham'mbali, ndipo pukutani kumbuyo kwake musanaiikenso.

Njira yopentera stensulo pa mipando, ngati mipando yotchuka ya mmisiri Lambert Hitchcock wa ku Connecticut, ndi ina: mumapaka vanishi pa thabwa lakuda, kenaka nkusisita ufa wa mkuwa ndi chala chokutidwa ndi nsalu yofewa ya veleveti. Chovuta ndi nthawi. Vanishi akhale womata pang'ono koma osatsalira pa chala. Mukafulumira stensulo imakakamira ndi kusiya zipsera. Mukachedwa ufa sugwira. Iyi muisiye kaye mpaka dzanja lizolowere, ndipo muziyesera pa katoni musanakhudze khoma kapena mpando.