Kambozi ka m'tsamba la tomato kandisinthira kawerengedwe

Tchuthi chathachi ndinakhala masabata awiri kwa azakhali anga ku Ntcheu, ndikuwathandiza kudimba. M'mawa wina anathyola tsamba la tomato, nkulikweza kudzuwa. "Taona mwana wanga, kali m'katimu." Tsambalo linali ndi chigamba choyererako, chopyapyala ngati pepala, ndipo pakati pa khungu lapamwamba ndi lapansi panali kambozi kobiriwira kosakwana sentimita imodzi, kakudya mwaufulu, kumbuyo kukutsala timanyi takuda. Mwezi umenewo azakhali anali atapopera katatu. Mankhwala ankagwera padenga, mwini wake ali m'nyumba.

Alimi amangoti tuta, kufupikitsa dzina loti Tuta absoluta. Kwawo ndi ku South America, ndipo kanalembedwa koyamba mu 1917 kuchokera ku Peru. Kanatulukira ku Spain mu 2006, patangotha zaka ziwiri kanali kale kumpoto kwa Africa. Mu 2016 kanasakaza tomato ku Nigeria mpaka boma la Kaduna linalengeza kuti kwagwa ngozi, ndipo chaka chomwecho kanapezeka ku Zambia, Mozambique ndi South Africa. Kagulugufe kakakazi kamodzi kamatha kuikira mazira pafupifupi 260, ndipo kumalo otentha mibadwo imapitirira khumi pachaka. Nchifukwa chake sikachedwa kuzolowera mankhwala.

Nditabwerera kukoleji, phunziro la RNAi, njira yotsekereza uthenga wa jini m'selo, linandigwira mtima kuposa kale, chifukwa tsamba lija linali likadali m'maso mwanga. Ndinalimvetsa chonchi: jini ili ngati mfumu yosatuluka m'nyumba, imatuma mthenga, mRNA, kuti akauze selo puloteni yoti ipange. Mthengayu ndi chingwe chimodzi cha RNA, cholembedwa uthenga m'zilembo; selo ikaona RNA ya zingwe ziwiri, dsRNA, imaiyesa vairasi. Puloteni yotchedwa Dicer imaiduladula tizidutswa ta zilembo 21 mpaka 23, ndipo tizidutswato timatsogolera gulu la mapuloteni lotchedwa RISC kukasaka mthenga aliyense wofanana nato nkumuwononga. Mfumu ikadalipo, koma mawu ake safika kubwalo. Andrew Fire ndi Craig Mello anafotokoza zimenezi mu 1998 atafufuza pa kanyongolotsi ka C. elegans, nalandira mphoto ya Nobel mu 2006, chaka chomwe tuta ankalowa ku Spain.

Ndiye taganizani: musankhe jini imene mbozi singakhale ndi moyo popanda iyo, mupange dsRNA yofanana ndi jini ya tuta yekha, mupopere. Zilembo zikasankhidwa mosamala, njuchi ndi tizilombo todya mazira a tuta sizikhudzidwa, ndipo RNA imawola msanga m'dothi. Si maloto ayi. Ku United States, mu December 2023, anavomereza Calantha wa kampani ya GreenLight Biosciences, mankhwala opopera oyamba a dsRNA, olimbana ndi kafumbwe wodya masamba a mbatatesi wotchedwa Colorado potato beetle. Ofufuza a ku Brazil nawonso mu 2016 anamwetsa masamba a tomato dsRNA ya majini awiri, V-ATPase ndi arginine kinase, ndipo mbozi za tuta zomwe zinadya masambawo zinafooka, zina nkufa. Usiku umenewo ndinagona mochedwa, mtima uli dyokodyoko.

Pokambirana m'kalasi, aphunzitsi anandifunsa funso limodzi lokha: "Nanga RNA yakoyo ikafika bwanji m'mimba mwa mbozi?" Ndinakhala chete. Masabata atatu ndinali ndikuloweza mayina a majini, koma za ulendo wake ndinali ndisanaganizeko.

Apa mpamene pagona nkhani yonse. Tizilombo ta mtundu wa kafumbwe timamva dsRNA mosavuta, koma mbozi za agulugufe nzouma mutu. M'matumbo mwake muli ma enzyme, mapuloteni odula RNA isanalowe nkomwe m'maselo, ndipo ngakhale yolowayo nthawi zambiri imatsekeredwa m'timatumba ta m'selo, osakumana ndi Dicer. Onjezerani dzuwa ndi mvula zomwe zimawononga RNA ili patsamba. Onjezeraninso khalidwe la tuta: akangoswedwa, sachedwa kuboola tsamba nkulowa. Vuto lomwe limagonjetsa mankhwala a azakhali ndi lomwelonso lodikira RNA. Nchifukwa chake ofufuza akulimbana ndi choikamo. Gulu la Neena Mitter ku University of Queensland linasonyeza mu 2017 kuti dsRNA yomatidwa pa tizidutswa ta dongo, BioClay, imapezekabe patsamba patatha masiku 30. Ena akuikulunga mu chitosan, chinthu chochokera ku zikamba za nkhanu, ena akuyesa kuti chomeracho chizipanga chokha, ngakhale njira imeneyo imalowetsa nkhaniyi m'malamulo a mbewu za GMO, zosinthidwa majini.

Chinthu china chinandidandaulitsa. Ndinkaganiza kuti mbozi ikazolowera, tingosintha zilembo basi. Koma mu 2018 ofufuza anapeza kuti kachilombo kodya mizu ya chimanga ku America, western corn rootworm, kakazolowera kamasiya kuyamwa dsRNA m'matumbo, ndiye ngakhale mutasintha jini sikamva. Ine ndikuona kuti RNAi idzathandiza ikadzabwera ngati mnzake wa misampha ya fungo, kasinthasintha wa mbewu ndi tizilombo tothandiza, osati yokhayokha. Ndipo mtengo wake ukadzaposa zimene dengu la tomato limabweretsa pa Lizulu, mlimi wa kudimba sadzaigula.

Tsopano pepala lililonse la kafukufuku ndimayamba kuliwerengera pa njira: RNA anaipereka bwanji, pobaya kapena podyetsa, m'labotale kapena m'munda, ndipo inakhala masiku angati. Azakhali atandiimbira kufunsa ngati mankhwala atsopanowo afika, ndinawauza zoona, kuti m'mashopu mulibe. Tinagwirizana kuti azithyola masamba ogwidwawo nkuwakwirira mozama, azizula mnadzi m'mbali mwa dimba chifukwa tuta amabisalamo, ndipo tomato wotsatira asamubzale pafupi ndi mbatatesi. Ndikapitanso ndiwatengera misampha iwiri, tizikawerenga agulugufe ogwidwa m'mawa uliwonse.