Masitepe a Chamundi ndi nyimbo ya Durga

Phiri la Chamundi lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 13 kuchokera pakati pa mzinda wa Mysuru, kum'mwera kwa India. Basi nambala 201 imakufikitsani pamwamba penipeni, koma wofuna kuphunzira nyimbo ya Mahishasura Mardini akwere wapansi, m'mamawa Lachiwiri kapena Lachisanu, masiku opembedza mulungu wamkazi wa Ahindu, Durga. Masitepe alipo oposa 1,000, omangidwa m'chaka cha 1659 mu ulamuliro wa mfumu ya Mysuru, Dodda Devaraja Wodeyar.

Musanafike pamwamba pali chifanizo chachikulu chamwala cha ng'ombe yamphongo, Nandi, ndipo okwera ambiri amapumira pamenepo. Mupezapo amayi zala zili psuu ndi ufa wa kumkum umene amapaka pa sitepe iliyonse. Wamkulu akayamba mzere wa nyimboyi, ena amatsatira, dzanja likugunda pantchafu kuti phaphapha. Mlendo akasokoneza samudzudzula. Amangobwereza mzere womwewo pang'onopang'ono mpaka lilime ligonje. Maphunziro abwino kuposa amenewa kulibe, komanso ndi aulere.

Nyimboyi ndi ya Chisanskrit, yotamanda Durga amene anapha chiwanda Mahishasura. M'mabuku ambiri ili ndi ndime 21, ndime iliyonse mizere 4, mzere uliwonse maphatikizo 23. Mzere wachinayi susintha, ndiye yambirani pomwepo: mukaugwira, gawo limodzi mwa magawo anayi a ntchito latha. Mzere woyamba uduleni timagawo ta maphatikizo 7, 6, 6 ndi 4, ndipo muzikoka mpweya mukafika pa 13. Wofuna kuuthera mpweya umodzi tsiku loyamba amameza mawu otsiriza.

Vuto lenileni ndi lilime lathu. Tinazolowera kuika lembo laliwu kumapeto kwa phatikizo lililonse, moti "mardini" amatuluka "maradini". Maphatikizo akwana 24, basi, mwatsalira m'mbuyo ndipo gulu lapita. Kusakaniza l ndi r nakonso kumamveka msanga. Pa ph, th ndi kh ndife akatswiri kale, zovuta ndi bh, dh ndi gh. Ikani chikhatho patsogolo pa kamwa, mpweya uzikuwombani potchula zimenezi. Zapa YouTube zambiri zimathamanga ndi ng'oma zake, choncho tsitsani liwiro lifike pa 0.75.

Pamwamba pamakulandirani chifanizo cha Mahishasura, lupanga dzanja lina, njoka dzanja lina. Nsapato zimatsala kunja kwa kachisi wa Chamundeshwari (dzina lina la Durga), ndipo dzuwa likakwera miyala imawotcha mapazi koopsa. Polowa m'kachisi pali mzere waulere ndi wolipira. Anyani a kumeneko alibe manyazi ngakhale pang'ono, nthochi za nsembe amachita kukutsomphola m'manja, ndiye zibiseni m'chikwama chotseka. Nyengo ya chikondwerero cha Dasara, mu Seputembala kapena Okutobala, nyimboyi imamveka paliponse, koma khamu limachuluka moti malo okhala pansi n'kumabwereza mzere simungawapeze.