Poyambira kukongoletsa nyumba yomwe mwangolowamo: zomwe ndatolapo pa phunziroli

Pa zonse zomwe ndikuphunzira zokhudza kukonza ndi kukongoletsa m'nyumba, funso looneka lophweka ndi lomwe lili ndi nkhani yaitali: katundu watsitsidwa m'lole, makatoni ali mbwee, munthu ayambire pati? Ambirife timathamangira pabalaza chifukwa ndi pofikira alendo, ndipo ndalama yoyamba imathera pa sofa ndi makatani. Phunziroli landipatsa ndondomeko ina. Choyamba kugwira ndi chomwe chingawononge zinzake chikachedwa: madzi, kenako mawaya a magetsi, kenako penti. Zogula m'sitolo zimadza pambuyo.

Madzi amalowa m'nyumba kuchokera kumwamba komanso pansi. A kumwamba savuta kuwazindikira. Yang'anani siling'i: bwalo lofiirira likutanthauza kuti lata ladooka kapena msomali wa padenga wamasuka. Mukapaka penti pamenepo denga lisanakonzedwe, banga limatulukanso mvula yoyamba ikangogwa. Wolowa m'nyumba mu Julaye kapena Ogasiti ali ndi vuto lakuti nyumba iliyonse imaoneka youma nthawi imeneyo. Ngati n'kotheka, ndalama ya penti yodula aisunge mpaka mvula ya Novembala ndi Disembala itaulula podontha.

A pansi ndiwo ovuta, ndipo apa ndi pomwe ndaima nthawi yaitali. Chinyontho chimakwera m'njerwa kuchokera m'nthaka, makamaka ngati omanga sanayale pulasitiki wotchinga chinyezi pa maziko, kapena dothi la panja launjikana mpaka kupitirira mzere umenewo. Zizindikiro zake zimakhala m'munsi mwa khoma, kawirikawiri osapitirira mita imodzi: penti wotupa, pulasitala wofumbutuka, ndi ufa woyera womwe ndi mchere wotsala madzi akauma. Kuti mudziwe komwe chinyezi chikuchokera, dulani pulasitiki wa masentimita 50 mbali zonse, mumate pakhoma ndi tepi mozungulira, mudikire masiku awiri. Madontho akakhala mkati, pakati pa pulasitiki ndi khoma, madzi akuchokera m'khomamo. Akakhala kunja, vuto ndi mpweya wa m'chipinda, monga zimachitikira ku Blantyre ndi ku Thyolo nthawi ya chiperoni, ndipo mankhwala ake ndi kutsekula mawindo ndi kusuntha kabati kuti isagunde khoma. Khoma lomwa madzi limachiritsidwa kunja: tsitsani dothi, konzani ngalande, madzi a padenga azithawa maziko. Kulimata penti ya gloss, yonyezimira ija, kumangotsekera madziwo mkati, penti n'kuyamba kusupuka. Mukuyendera makoma choncho, onaninso timizere ta dothi ta chiswe pa mafelemu a zitseko.

Za magetsi n'zachidule. Sankhani pokhala TV, firiji ndi bedi, muwerenge masoketi omwe akusowa. Kuwonjezera soketi kumafuna kugoba khoma, choncho wamagetsi abwere wopaka penti asanafike. Pomwe pamatidwa simenti yatsopano pamafuna pafupifupi masiku 28 kuti pakhwime, apo ayi pamadya penti n'kusiya zigamba.

Pa penti, ntchito yambiri imagona pa kukonza khoma. Pukutani khomalo ndi chikhatho. Chikayera, pali njereza kapena penti wotha mphamvu, ndipo watsopano sangagwire pokhapokha mutapala, kutsuka ndi kupaka primer, penti wapansi wothandiza wapamwamba kugwira. Khoma la gloss nalo silirandira PVA, penti wa pakhoma wosungunula ndi madzi, lisanakwechedwe ndi sandipepa. Ndondomeko yake ndi kuyamba siling'i, kubwera makoma, kenako zitseko, mafelemu ndi zitsulo za m'mawindo, pansi kumalizira, chifukwa madontho amagwera pansi.

Masamu ake ndi awa. Chipinda cha mamita 4 kwa 3.5, makoma otalika mamita 2.7, chili ndi makoma okwana masikweya mita 40.5. Kuchotsapo chitseko ndi windo kumatsala pafupifupi 37. Penti amapakidwa kawiri, ndiye 74. Ngati lita imodzi ikukwanira masikweya mita 8, mukufuna malita opitirira pang'ono 9, kutanthauza zitini ziwiri za malita 5. Werengani zomwe zalembedwa pachitini, chifukwa mitundu imasiyana, ndipo pulasitala watsopano amamwa kwambiri. Wopaka penti akati achulukitse ndi madzi ambiri kuti chitini chimodzi chikwane, dziwani kuti khomalo lidzatuwa ndipo lizidzathimbirira zovala za aliyense wotsamira.

Mtundu wa penti usasankhidwe pa kakhadi ka m'sitolo. Pakani kachigawo pakhoma, mukaone m'mawa, masana ndi usiku. Babu yolembedwa 6500K imatulutsa kuwala koyera kopita ku buluu, ya 2700K kapena 3000K imawala mofiirira, ndipo penti wa kirimu yemweyo amaoneka mitundu iwiri. Dzuwa nalo liwerengedwe: kuno kwathu m'miyezi yozizira limadutsa chakumpoto, ndiye chipinda choyang'ana kummwera chimakhala chamdima ndi chozizira, chimafuna penti wowala. Windo loyang'ana kumadzulo limawotcha mu Okutobala ndipo limasulutsa nsalu, likufuna katani yokhala ndi nsalu ina kumbuyo.

Ngati nyumba ndi ya lendi, zonsezi ziyambe ndi kukambirana ndi eni nyumba. Denga ndi ngalande ndi udindo wawo. Mukagwirizana kuti mukonze nokha n'kudula pa lendi, zilembedwe, ndipo sungani malisiti ndi zithunzi za mmene munaipezera.

Nanga chipinda choyamba ndi chiti? Ine ndikuona kuti ndi chogona. N'chaching'ono, chimatha msanga, ndipo chikatha pamakhala pobisala fumbi pamene kwina kukugwiridwa ntchito. Bedi iikidwe poganizira pomangirira neti ya udzudzu, ngowe zake zilowe siling'i isanapakidwe. Pabalaza padikire mpaka mutaona mmene anthu akudutsira kuchokera pakhomo kupita kukhitchini.

Pofika pa mipando, tepi yoyezera igwire ntchito ndalama isanatuluke. Zitseko zambiri n'zotambalala masentimita pafupifupi 80, pomwe sofa zazikulu zomwe akalipentala amayala m'mbali mwa msewu zina zimapitirira apo, ndipo pali mabanja omwe anachita kuzula felemu kuti ilowe. Jambulani kukula kwa sofayo pansi ndi choko, musiye njira ya masentimita 75 mpaka 90 yodutsa anthu, ndi masentimita 40 pakati pa sofa ndi tebulo. Pabalaza pakakhala popanikizika, mipando yoluka ija imapepuka m'maso kuposa seti yathunthu yodzadza chipinda. Makatani amafuna nsalu yotambalala kawiri kuyerekeza ndi windo, ikachepetsetsa kamodzi ndi theka, apo ayi imangoti nyolonyolo. Ndodo yake ipitirire masentimita 15 mpaka 20 mbali iliyonse kuti katani ikatsekulidwa isatchinge kuwala.

Zokongoletsa zenizeni, monga mbale za ku Dedza Pottery, ziboliboli za ku Mua, nsalu ya chitenje pa mapilo ndi zithunzi za banja, zilowe pang'onopang'ono. Cholakwika chofala ndi kupachika zithunzi pafupi ndi siling'i. Pakati pa chithunzi pakhale masentimita 145 mpaka 150 kuchokera pansi, pomwe maso a munthu woimirira amafika. Pa khoma la njerwa, msomali wamba umapindika n'kugumula pulasitala, ndiye boolani muike pulagi ya pulasitiki yogwira sikuluwu, kenako sikuluwuyo. Musaboole molunjika pamwamba kapena pansi pa switchi ndi soketi, chifukwa mawaya amadutsa mumzere umenewo.