Kukonza ulendo wa ophunzira wokaphunzira chikhalidwe ku South Korea

Aphunzitsi ambiri akamakonza ulendo wosinthana ophunzira ndi sukulu ya ku South Korea amayamba kuwerengera nyumba zachifumu ndi misika ya mu Seoul, za m'kalasi n'kubwera pambuyo. Choyenera kukhala patsogolo ndi kalendala ya sukulu yolandirayo. Kumeneko chaka cha sukulu chimayamba mu Malichi. Kumapeto kwa Julayi mpaka mu Ogasiti ndi tchuthi, ndipo Januwale ndi Febuluwale sukulu nthawi yambiri zimakhala zotseka, kunja kukuzizira mpaka madzi kuundana. Novembala ndi mwezi wa mayeso olowera ku yunivesite otchedwa Suneung, sukulu za sekondale zimakhala pa mpanipani. Meyi ndi Okutobala ndi miyezi yabwino, bola mufunse ngati masikuwo sakugundana ndi mayeso a m'kati mwa teremu kapena chikondwerero cha Chuseok, pamene mabanja ambiri amapita kumudzi.

Zambiri ana amaziphunzirira pa nkhomaliro. Pasukulu aliyense amatenga thireyi yachitsulo yogawidwa zipindazipinda: mpunga, supu, kimchi (masamba monga kabichi osasitsidwa ndi mchere ndi tsabola) ndi ndiwo zina ziwiri kapena zitatu. Mpunga ndi supu amadyera sipuni, ndiwo amatolera timitengo tachitsulo, toterera kuposa tamtengo. Mwana ayeserere akadali kwawo potola nyemba zouma kuchoka m'mbale ina kuika mu ina, mphindi khumi tsiku lililonse kwa mlungu umodzi. Akapanda kutero amachita manyazi, n'kunena kuti wakhuta pamene njala ikumupweteka. Timitengoto asatizike chilili mu mpunga, chifukwa zimakumbutsa mwambo woperekera chakudya kwa omwalira. Kunyumba, wamkulu ndiye amayamba kudya.

Vuto lalikulu la chakudya si tsabola ayi. Kimchi nthawi zambiri amathiramo msuzi wa nsomba kapena tizilombo ta m'nyanja tothira mchere, ndipo nkhumba imabisala mu supu ndi m'zakudya zina zooneka ngati masamba okhaokha. Mwana amene thupi lake limadana ndi zinazake, kapena amene sadya nkhumba chifukwa cha chipembedzo, anyamule kakhadi kolembedwa mu Chikoreya. Kufotokoza mu Chingerezi pamzere wolandirira chakudya sikuthandiza.

Pakhomo pa banja lolandira mlendo nsapato zimatsala polowera, ndipo m'sukulu zambiri ana amavala masilipasi a m'kati. Choncho masokosi akhale ambiri komanso osang'ambika. Pansi pa nyumba pamafunditsidwa m'njira yotchedwa ondol, motero kugonekedwa pamatiresi pansi si kunyozedwa. Kupereka ndi kulandira ndi manja awiri mwana wa Chichewa sakuvutika nako, anakula nako kale. Chongoonjezera ndi kuweramitsa mutu pang'ono. Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti mnzake wa m'nyumbamo akaweruka amapitanso ku maphunziro apadera m'sukulu zolipira zotchedwa hagwon, kubwera cha m'ma 10 koloko usiku. Mlendo amatsala ndi makolo osamvana chinenero, n'kuyamba kuganiza kuti sakumufuna. Aphunzitsi a mbali zonse ziwiri agwirizane pasadakhale kuti madzulo amenewa mwanayo azichita chiyani.

Zilembo za Chikoreya zotchedwa Hangul, zimene Mfumu Sejong inakhazikitsa mu 1443 n'kuzilengeza mu 1446, zilipo 24 zokha zoyambira. Masana atatu kapena anayi akukwanira kuti mwana azitha kuwerenga dzina la siteshoni ndi la mnzake pa yunifolomu, ngakhale tanthauzo la mawu asakulidziwa.

Gyeongbokgung, nyumba yachifumu ya mu Seoul yomangidwa mu 1395, imatsekedwa Lachiwiri, ndipo wovala hanbok, chovala chachikhalidwe cha ku Korea, amalowa ulere. Kuvala, kujambulitsa ndi kuonera alonda akusinthana kumatha theka la tsiku. N'kosangalatsa ndithu, koma mwana akabwerera ndi zithunzi zokhazokha ndiye kuti ndalama zapita padera. Usiku uliwonse alembe zinthu zitatu: chimene waona, funso limene wafunsa mnzake wa ku Korea, ndi yankho lake. Kugwira nawo tsache pamene ana akusesa kalasi kumabala zolemba zabwino kuposa ulendo wa pabasi.

Zotsala ndi za m'chikwama. Mapulagi a ku Korea ndi a mano awiri ozungulira, osati atatu ngati a ku Malawi, choncho adaputala ndi yofunika. Khadi ya T-money yokwerera basi ndi sitima imagulidwa m'timasitolo monga GS25 ndi CU, ndipo poithira ndalama nthawi zambiri pamafunika kashi. Google Maps yakhala ikuvuta kulondolera woyenda pansi kumeneko. Ikani pafoni Naver Map kapena KakaoMap. Nyama youma kapena soseji musaike pa mphatso, pa bwalo la ndege la Incheon amalipitsa chindapusa chachikulu. Tiyi kapena khofi ndiye bwino. Makolo auzidwenso kuti Korea ili patsogolo ndi maola 7: akaimba foni 6 koloko madzulo ku Lilongwe, mwanayo amudzutsa 1 koloko usiku.