Ma strip awiri usiku wonse

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: kiliniki ya shuga ndi BP, mzere mpaka pansi pa mtengo wa mango, metformin, mankhwala a shuga, kugawa ya milungu iwiri m'malo mwa mwezi. Zimene zandikhala pamtima ndi za Lachitatu usiku.

Cha m'ma 10 koloko inafika njinga yamoto kuchokera ku Chipoka. Mayi wogulitsa usipa anali atamangidwa ndi chitenje kumsana kwa mwana wawo kuti asagwe. Lilime gwa, maso atalowa. "Adokotala, amayi chigubu cha madzi akumaliza okha, usiku sagona n'kukodza." Glucometer, kachipangizo koyezera shuga m'magazi, inalemba HI, kutanthauza kuti shuga wakwera kuposa pomwe imatha kuyeza. Kutsegula kabotolo, ma strip oyezera shuga atsala awiri basi.

Tinaika dripi ya saline, tinayamba insulini ya soluble, yogwira ntchito msanga. Koma mlingo ungausinthe bwanji osayeza? Za kuyeza potaziyamu, mchere wa m'magazi umene insulini imatsitsa, ndiye musafunse, makina a ku labu anafa kalekale. Magetsi nawo anazima. Ndinachezera pambali pa bedi, foni kukamwa kuunikira, kuwerenga mkodzo m'thumba la catheter, kugwira pamkono. Oda ya ma strip ndinalemba mwezi watha, akuluakulu anangoti tiona.

Chondiwawa n'chakuti masana omwewo ndinali kukonza phunziro la CPD (maphunziro owonjezera a ife ogwira ntchito zachipatala), la minofu yosamva insulini. Tikadya, shuga wambiri amalowa m'minofu kudzera pa timakomo totchedwa GLUT4, ndipo enzyme (mtundu wa puloteni) ya PTP1B imazimitsa uthenga wa insulini pa receptor, malo amene insuliniyo imagwirapo pa selo. Mu 1999 ofufuza a ku yunivesite ya McGill ku Montreal anaonetsa kuti mbewa zopanda gene ya enzyme imeneyi zimamva insulini bwino, komanso sizinenepa msanga ngakhale zidye zamafuta. Kenako ena, osaichotsa, anangoitseka pakamwa ndi antisense, mankhwala oletsa gene kupanga enzymeyo, pa mbewa zonenepa za shuga, shugayo n'kutsika. Chovuta n'chakuti mankhwala otere amaunjikana m'chiwindi, kuwafikitsa m'minofu ndi ntchito ina. Kafukufukuyu amandisangalatsa zedi, chifukwa odwala anga ambiri vuto lawo ndi lomweli. Koma usiku umenewo ndinkangolakalaka strip yachitatu.

Yomaliza ndinaisunga mpaka 4 koloko. Inalemba 24, shuga watsikako, ndinapuma. M'bandakucha mayiwo anatsegula maso, n'kufunsa ngati usipa wawo unaanulidwa.

Lachisanu phunzirolo ndinaphunzitsa, kabotolo kopanda kanthu kali patebulo pamaso pa akuluakulu. Mpaka lero ma strip sanabwere.