Seva ikuti "No disks detected" koma ma disiki ndawalowetsa ndekha

Sabata yachitatu ya attachment ndi pomwe ndinapatsidwa ntchito yoyamba yogwira ndekhandekha. Mu ofesimo muli seva yakale ya Dell PowerEdge R710 yomwe imayendera CentOS 7, mtundu wina wa Linux, ndiye poti CentOS 7 inasiya kulandira ma update pa 30 June 2024, achimwene omwe amandiyang'anira anati ndiikemo Rocky Linux 8.10 tizisungirapo ma fayilo. Anandipatsa ma disiki awiri a SAS a 600GB omwe anazula mu seva ina yomwe inafa kalekale. Ine mumtima ndimangoti aaa izi ndi za ola limodzi basi, Linux ndaika kambirimbiri pa laputopu.

Ndalowetsa flashi, F11, installer yatseguka bwinobwino, ndafika pa Installation Destination. Mulibe kanthu. Kauthenga kokha koti No disks detected. Chonsecho timagetsi ta ma disiki kutsogoloku tikuyaka tobiriwira ndipo ukayika dzanja ukumva kuti akuzungulira.

Choyamba chomwe ndinachita ndi chija amachita aliyense, kuzimitsa, kusolola ma disiki, kuwapemerera ngati muli fumbi, kubwezeretsa, kuyatsanso. R710 kuti idzuke imatenga nthawi yoti utha kukawiritsa tiyi, mafani akulira ngati chigayo, ndiye ndinabwereza zimenezi katatu m'mawa wonse unathera pomwepo. Kenako ndinapita kukauza achimwene kuti ma disiki aja ndi okufa. Sanadzuke n'komwe pampando, anangofunsa kuti "mphwanga, khadi ya RAID ikuwaona?" Ine zii. Funso limenelo linali lisanabwere m'mutu mwanga.

Apa ndi pomwe ndinamvetsa chinthu chomwe mkalasi tinangodutsapo. Pa laputopu disiki imalumikizidwa ku motherboard, OS n'kuiona. Pa seva iyi ma disiki amalowa ku bolodi yotchedwa backplane, kuchoka apo kebulo imapita ku khadi ya RAID ija, yophatikiza ma disiki kuti azigwira ntchito limodzi, dzina lake PERC H700, ndipo khadiyo ndi imene imasankha chomwe OS ione. H700 siipereka disiki yosakonza kwa OS, mpaka upange virtual disk, ngakhale disiki ikhale imodzi. Ndiye chomwe installer imachitcha disiki si chitsulo chomwe ndanyamula m'manja chija ayi, ndi chomwe khadi yapanga.

Ndinayatsanso, pomwe dzina la PERC likuoneka ndadina Ctrl+R. Ma disiki onse awiri alipo, koma alembedwa Foreign. Kutanthauza kuti akadali ndi chizindikiro cha RAID ya seva yomwe anachokera, ndiye khadi yathuyi ikuwaona ngati alendo, siikuwakhudza. Pamenepo pali Import ndi Clear. Import imabweretsa kasanjidwe kakale kaja, Clear imakafufuta, ndiye ngati munali data ya anthu mwayamba kulira. Chala chinali chili kale pa Clear koma ndinadzigwira n'kukafunsa kaye, achimwene anati mulibe chofunika, fufuta. Ndapanga RAID 1, ija disiki imodzi imangokhala kope ya inzake, initialize, virtual disk yaoneka ya 558GB ndi kanthu, osati 600, poti opanga ma disiki amawerengera ma GB mwa ma 1000 pomwe khadi imawerengera mwa ma 1024.

Ndabwerera mu installer ndikumwetulira. No disks detected. Eeh, ndinakhala kaye pansi.

Ulendo uno sindinazimitse. Ndinadina Ctrl+Alt+F2 kuti ndipeze shell, polembera ma command, ndalemba lsblk yoonetsa ma disiki omwe OS ikuona, ikungoonetsa flashi yanga. Ndalemba lspci -nn yoonetsa makhadi omwe ali mu seva, khadi ikuoneka bwinobwino, MegaRAID SAS 2108, nambala yake 1000:0079. Ndiye lspci -k, pansi pa khadiyo palibe mzere uja wa Kernel driver in use. Ndiye kuti chitsulo chilipo, kernel, mtima wa Linux, ikuchiona pa PCI pomwe makhadi amalowa, koma palibe driver yomwe yachitenga. Nditafufuza nambala ija ndinapeza kuti Red Hat potulutsa Linux yake, RHEL 8, mu 2019 inachotsa makhadi akale angapo pa mndandanda wa megaraid_sas, yomwe ndi driver ya makhadi amenewa, H700 ndi H310 zili momwemo, ndipo Rocky poti imatsatira RHEL phazi ndi phazi nayo ilibe. N'chifukwa chake CentOS 7 imayenda pa seva yomweyi popanda vuto. Kunena zoona zinandipsetsa mtima pang'ono, khadi ikugwira ntchito bwinobwino koma aisiya dala, pomwe ife ma seva omwe timawagwira ambiri ndi akale omwewa.

Mankhwala ake ndi driver update disk ya ELRepo, gulu lomwe limapereka ma driver a RHEL ndi ma Linux oitsatira. Ndi ka ISO kakang'ono ka megaraid_sas, koma muonetsetse kuti kakugwirizana ndi version yeniyeni, ine poyamba ndinakopera ka 8.9 mothamanga, sikanathandize. Ndinaika kolondola pa flashi yachiwiri, pa menu yoyamba ndadina Tab, kumapeto kwa mzere ndawonjezera inst.dd, Enter. Installer inandifunsa komwe kuli driver, ndasankha, ndapitiliza. Kufika pa Installation Destination, DELL PERC H700 ili phee ngati sinasowepo. Nthawi inali itakwana 4 koloko, nkhomaliro ndinadumpha.

Mawa lake achimwene anandiuza ndionjezere repo ya ELRepo kuti driver ija, kmod-megaraid_sas, izilandira ma update, apo ayi tsiku lina kernel ikadzasintha seva idzakana kudzuka ife tili kunyumba. Kenako akuseka anandiuza kuti mu AlmaLinux 8.10 ndi 9.4, Linux ina yotsatira RHEL ngati Rocky, anabwezeretsamo makhadi akale amenewa, ikanaona virtual disk ija popanda flashi yachiwiri. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji simunandiuze dzulo achimwene, iwo amvekere "ukanadziwa bwanji lspci -k?" n'kundipatsa seva ina, R610, yomwe inali pansi pa tebulo kuti ndiyambe kuipukuta fumbi.