Kuchoka pa Kamuzu kukafika pa Chileka, musamangowerengera za mumlengalenga

Anthu obwera kuchokera kunja amakonda kundifunsa kuti kodi kuchoka pa bwalo la ndege la Kamuzu kukafika pa Chileka ku Blantyre ndi nthawi yaitali bwanji. Pandege ndi pafupi zedi, ola silikwana n'komwe, mukangokhazikika bwinobwino basi ayamba kale kulengeza kuti mangani malamba tikutera.

Koma pamsewu abale ndi nkhani ina. Bwalo la Kamuzu lili ku Lumbadzi, makilomita oposa 20 kumpoto kwa tawuni ya Lilongwe, ndiye musanayambe n'komwe ulendo wa ku Blantyre muyambe mwalimbana ndi Kanengo ndi mathiraki ake, kenako mzere wa magalimoto mtawuni muja makamaka ikakhala nthawi yoweruka. Mukatero ndi M1 ameneyo, makilomita oposa 300, Dedza, Ntcheu, mulipire pa tollgate ya Kalinyeke ndi ya Chingeni, muime pa roadblock ya Zalewa, ndipo pa Lizulu palibe amene amangodutsa osagula kachewere ndi kabichi, amayi aja amachita kufika nazo pa windo penipeni. Maola 5 muziwerengera, pa basi mwinanso kuposa.

Chimene chimandimvetsa chisoni ine ndi munthu woti watera ku Lilongwe m'mawa, ndege ina akukakwerera pa Chileka masana omwewo, ati ndithamanga pagalimoto. Chonde musatero, madalaivala amathamanga udyo chifukwa cha phuma lotereli ndipo msewu uja uli ndi njinga, mbuzi, ana asukulu. Gonani, munyamuke m'bandakucha, pofika pa Lunzu dzuwa lisanatenthe, pa Kameza n'kukhota.